Kasankhidwe ka Mabuku Osonkhanitsa a Makomiki: Zoyenera Kudziwa Musanagule

Kwa zaka zambiri makomiki a ku America, nkhani zofotokozedwa ndi zithunzi monga za Batman ndi Spider-Man, ankatuluka ngati timagazini topyapyala ta masamba pafupifupi 32, tomangidwa ndi timawaya tiwiri pakati, ndipo kamagazini kalikonse kankakhala pamsika mwezi umodzi kenako n'kuzimiririka. Amene sanakagule mwezi umenewo ankachita kukasakasaka kwa ogulitsa zakale, kawirikawiri pamtengo woboola m'thumba. Masiku ano nkhani zomwezo zimasonkhanitsidwa n'kusindikizidwanso ngati buku lenileni la chikuto chofewa, limene a malondawa amalitchula kuti trade paperback, ndipo bukuli lasintha kalembedwe, kagulitsidwe ndi kawerengedwe ka makomiki. Munthu amene akufuna kuyamba kugula mabukuwa, makamaka ngati amakhala kutali ndi masitolo a makomiki ndipo buku lililonse amachita kuitanitsa kunja, ayenera kumvetsa mmene malondawa amayendera, chifukwa zolakwika zambiri za ogula atsopano zimachokera pa kusadziwa chifukwa chimene buku linapangidwira mmene lililimo.

Dziwani kaye chimene mwagwira m'manja

Kusonkhanitsa makomiki m'buku si kwa dzulo. Mu 1974 kampani ya Simon & Schuster inatulutsa buku la Origins of Marvel Comics, ndipo ku Belgium nkhani za Tintin, zimene zinayamba kutuluka pang'onopang'ono m'nyuzipepala mu 1929, zinkaikidwa m'mabuku kuyambira 1930. Koma ku America zinthu zinatembenuka mu 1986 ndi 1987, pamene mabuku atatu anafika m'masitolo a mabuku wamba. The Dark Knight Returns ya Frank Miller inali itatuluka m'zigawo 4, Watchmen ya Alan Moore ndi Dave Gibbons m'zigawo 12, ndipo Maus ya Art Spiegelman, yosimba mmene bambo ake anapulumukira m'manja mwa a Nazi, inali itayamba kutuluka m'magazini ya Raw. Maus inalandira mphoto yapadera ya Pulitzer mu 1992. Apa makampani anaona kuti nkhani ikavala chikuto cha buku imafika kwa anthu amene sangapondeko phazi m'sitolo ya makomiki, imalowa m'malaibulale ndi m'sukulu, ndipo imagulitsidwa chaka ndi chaka osati mwezi umodzi wokha.

Choyamba kuchita mukatenga buku ndi kulitembenuza. Pachikuto chakumbuyo, kapena patsamba loyambirira pamene pali timalemba ting'onoting'ono tonena za umwini, pamakhala mzere wotchula manambala a timagazini timene tasonkhanitsidwa, mwachitsanzo kuyambira 1 mpaka 6. Mzere umenewu ndi wofunika kuposa chithunzi cha pachikuto. Ngati palibe mzere wotere, ndiye kuti mwina nkhaniyo inalembedwa kuti ituluke ngati buku kuchokera pachiyambi, ndipo ili yonse mmenemo. Ngati mzerewo ulipo koma manambala akudumphadumpha, kapena akutchula mitu iwiri kapena itatu yosiyana, dziwani kuti mwagwira chigawo cha nkhani yaikulu imene inadutsa m'mitu ingapo nthawi imodzi. Marvel ndi DC, makampani awiri aakulu a makomiki ku America, amakonda kwambiri nkhani zoterezi, ndipo pozisonkhanitsa nthawi zina amaika zigawo za mutu umodzi m'buku lina, za mutu wina m'buku linanso, moti wowerenga amapeza nkhondo imene inayamba kumapeto kwa chaputala itatha kale poyamba chaputala chotsatira. Zikatere funani buku limene lili ndi dzina la nkhani yaikuluyo, osati la munthu mmodzi wa m'nkhanimo.

Msampha waukulu koposa ndi mawu akuti voliyumu yoyamba. Makampani awiri aakuluwa amayambiranso kuwerenga pa 1 kawirikawiri, makamaka wolemba watsopano akalowa, chifukwa nambala 1 imayenda malonda. DC inachita zimenezi ndi mitu 52 nthawi imodzi mu 2011, kenako inayambiranso mu 2016. Chifukwa cha zimenezi pali buku la Batman lolembedwa kuti voliyumu yoyamba, la Scott Snyder ndi Greg Capullo, lochokera ku chiyambi cha 2011, ndipo pali linanso la Batman lolembedwanso kuti voliyumu yoyamba, la Tom King, lochokera ku chiyambi cha 2016. Amene wagula loyamba la Snyder n'kutsatiza lachiwiri la King amangozunguzika mutu, osadziwa chimene chalakwika. Choncho musaitanitse buku ndi dzina komanso nambala yokha. Lembani dzina la wolemba, kamutu kakang'ono kamene kali pansi pa dzina lalikulu, ndiponso nambala ya ISBN, ya manambala 13, imene ili pamwamba pa timizere takuda kumbuyo kwa buku. Ngati mukutuma m'bale wanu wa ku Johannesburg kapena ku London kuti akugulireni, m'tumizireni ISBN imeneyi, chifukwa buku la chikuto chofewa, la chikuto cholimba ndi losindikizidwanso mwatsopano, lililonse lili ndi yakeyake ngakhale dzina litakhala limodzi.

Werengani mogwirizana ndi nthawi imene nkhani inalembedwa

Mudzaona kuti mabuku ambiri a masiku ano amakhala ndi timagazini 5 kapena 6, ndipo nkhani imathera pomwe bukulo lathera. Zimenezi sizichitika mwangozi. Makampani atazindikira kuti kamagazini kalikonse kadzagulitsidwa kawiri, poyamba pakokha kenako m'buku, anayamba kuyembekezera kuti olemba azikonza nkhani zodzaza buku limodzi ndendende. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Spider-Man. Mu 1962 Stan Lee ndi Steve Ditko anafotokoza chiyambi chake chonse m'masamba 11 okha a Amazing Fantasy nambala 15: kulumidwa ndi kangaude, kudzitukumula, imfa ya Uncle Ben amene anamulera, ndi chisoni chimene chinatsatira. Mu 2000 Brian Michael Bendis ndi Mark Bagley anafotokozanso chiyambi chomwecho mu Ultimate Spider-Man, koma anatenga timagazini 7. Anthu a m'nkhanimo anapatsidwa mpata wocheza, wokangana ndi wokhala chete, ndipo wowerenga amafika pa imfa ija atamudziwa bwino mkuluyo.

Ena amadandaula kuti kalembedwe kameneka kamatalikitsa nkhani popanda chifukwa, ndipo dandaulo lawo lili ndi mfundo, pakuti amene wagula kamagazini kamodzi akhoza kukamaliza m'mphindi zochepa n'kupeza kuti palibe chachitika. Ine ndimaona kuti wolemba waluso anapindula nako kusinthaku, pamene wolemba waulesi anapeza pobisalira. Kwa inu wogula, mfundo yake ndi yakuti nkhani zolembedwa kuyambira cha m'ma 2000 zimakoma mukaziwerenga buku lonse ulendo umodzi, pamene za m'ma 1960 mpaka m'ma 1980 zimafuna kudekha. Zakalezo zinalembedwa poganizira kuti kamagazini kalikonse kakhoza kukhala koyamba kwa mwana wina, motero chaputala chilichonse chimabwereza amene ali ndani ndi zimene zinachitika mwezi watha. Mukawerenga machaputala khumi motsatizana mudzatopa ndi kubwerezaku, koma mukamawerenga chimodzi kapena ziwiri patsiku mudzaona luso lofotokoza nkhani yathunthu m'masamba ochepa, limene olemba ambiri amakono alibe.

Yerekezani mtengo, kulemera ndi kamangidwe

Nkhani imodzi ikhoza kupezeka m'maonekedwe anayi kapena asanu, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu ambiri zimalowera m'madzi pogula chinthu chimodzi kawiri. Taonani The Walking Dead ya Robert Kirkman, imene kampani ya Image inatulutsa kuyambira 2003 mpaka 2019 m'timagazini 193. Inasonkhanitsidwa m'mabuku 32 a chikuto chofewa, pafupifupi lililonse la timagazini 6, komanso m'mabuku 4 aakulu otchedwa Compendium, lililonse la timagazini pafupifupi 48. Amene ali ndi mabuku ang'onoang'ono 8 oyambirira ali kale ndi zonse zimene zili mu Compendium yoyamba. Njira yosavuta yoyerekezera ndi kutenga mtengo wa buku n'kuugawa ndi chiwerengero cha timagazini timene tili mkatimo, kenako n'kuwonjezera mtengo wonyamulira. Kamagazini kamodzi katsopano ka Marvel kapena DC kamagulitsidwa pa madola 4 kapena 5 masiku ano, choncho buku limene kuwerengera kwake kukufika pamenepo silinakuchotsereni kalikonse.

Dziwaninso kuti mtengo wa buku loyamba nthawi zina umatsitsidwa dala. Image inazolowera kugulitsa voliyumu yoyamba ya mitu yambiri pa madola 9.99 kuti owerenga alawe, ndipo mavoliyumu otsatira amakwera. Imeneyi ndi njira yabwino yoyesera nkhani yatsopano pamtengo wozizira, koma musawerengere mtengo wa mutu wonse potengera buku loyambalo. Mu 2024 DC inayambitsa mabuku ang'onoang'ono otchedwa Compact Comics, nawonso a madola 9.99, okhala ndi nkhani zathunthu zotchuka, ndipo kwa munthu amene amalipira katundu potengera kulemera kwake amenewa ndi othandiza, ngakhale kuti zithunzi ndi malemba zimachepa msinkhu. Kumbali ina kuli mabuku a Omnibus, a chikuto cholimba, amene ena amapitirira masamba 1,000 ndipo amalemera makilogalamu angapo. Ndi okongola, koma si owerengera pabedi kapena m'basi, ndipo mtengo wotumizira ukhoza kuyandikira mtengo wa buku lenilenilo. Pakatikati pali Epic Collection ya Marvel, imene inayamba mu 2013, mabuku onenepa a chikuto chofewa okhala ndi nkhani zakale zopakidwa mitundu. Musadabwe mukaona voliyumu 20 ya mndandanda umenewu ilipo pamene ya 5 kulibe, chifukwa kampaniyo inapereka manambala pasadakhale ndipo imatulutsa mabukuwo mosatsata dongosolo.

Kamangidwe ka buku kamafunika kukayang'anitsitsa ngati muli ndi mwayi woligwira. Kamagazini ka timawaya kamatseguka n'kugona bwinobwino, ndipo ojambula ankadalira zimenezi pojambula chithunzi chimodzi chachikulu chodutsa masamba awiri. Buku lomatidwa ndi guluu silitseguka choncho, motero pakati pa chithunzicho pamamira mumsana wa buku, nthawi zina limodzi ndi nkhope ya munthu kapena mawu amene akulankhula. Litsegulani pakati penipeni n'kuona ngati mawu oyandikira msana akuwerengeka popanda kulikanikiza. Yang'ananinso pamwamba pa msanawo: masamba akaoneka kuti ali m'timagulu topindidwa, bukulo ndi losokedwa ndipo lidzakhalitsa, koma akaoneka ngati mapepala odulidwa omira m'guluu, lidzafuna kulisamala kwambiri. Pogula buku logwiritsidwa kale ntchito, kokani pang'ono tsamba loyamba ndi lomaliza, chifukwa ndi amene amayamba kuthothoka.

Si zonse za m'kamagazini zimene zimalowa m'buku. Malonda otsatsa amachotsedwa, zomwe n'zabwino, koma makalata a owerenga amene ankasindikizidwa kumapeto nawonso kawirikawiri amachotsedwa, ndipo m'malo mwake mumapezeka zithunzi za pachikuto ndi zojambula zoyeserera. Mitundu nayo imatha kusintha. Batman: The Killing Joke inatuluka mu 1988 ndi mitundu yowala imene anapaka John Higgins, koma mu 2008 wojambula wake Brian Bolland anaipakanso mitundu yozizira, ndipo owerenga mpaka lero sagwirizana kuti yabwino ndi iti. Ngati mukufuna kuona nkhani yakale mmene inaonekera poyamba, fufuzani ngati bukulo linapakidwanso mitundu.

Kudikira buku kapena kugula timagazini

Funso limeneli limakhudza moyo wa mitu imene mumaikonda, choncho n'kofunika kulimvetsa bwino. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Phil Seuling wa ku New York anayambitsa njira yakuti masitolo a makomiki azioda timagazini pamtengo wotsika koma osabweza totsala. Mwini sitolo ali ngati mayi wooda tomato: zikatsala n'kuwonongeka, waluza ndi iyeyo. Chifukwa cha zimenezi amaoda mosamala, miyezi isanakwane yoti kamagazini katuluke, potengera chiwerengero cha makasitomala amene alembetsa mayina. Kampani nayo imayang'ana maoda amenewa posankha kupitiriza mutu kapena kuuthetsa. Owerenga ambiri akanena kuti adikira buku, maoda amatsika, ndipo mutu wabwino ukhoza kuthetsedwa buku lake loyamba lisanafike n'komwe m'sitolo.

Koma mabukuwa apulumutsanso mitu. Runaways ya Brian K. Vaughan inathetsedwa ndi Marvel itatuluka timagazini 18, kenako inabwezeretsedwa mu 2005 chifukwa timabuku take tosonkhanitsa tinayenda malonda. Sandman ya Neil Gaiman, imene inatuluka m'timagazini 75 kuyambira 1989 mpaka 1996, inasonyeza DC kuti mabuku ake 10 akhoza kumagulitsidwa kwa zaka makumi angapo kwa anthu amene sanaonepo kamagazini kake. Olemba a Saga, Vaughan yemweyo ndi wojambula Fiona Staples, anakonza ntchito yawo motsatira buku: amatulutsa timagazini 6, amapuma miyezi ingapo pamene bukulo likutuluka, kenako n'kuyambiranso. Malangizo anga ndi akuti pa mitu ikuluikulu ngati Batman dikirani buku popanda kudziimba mlandu, chifukwa siingathe chifukwa cha inu. Pa mutu waung'ono wa olemba odziimira paokha, ngati simungathe kugula timagazini, lembetsani buku lake lisanatuluke, chifukwa oda yoteroyo imawerengedwa pamene kampani ikuganiza za tsogolo la mutuwo.

Si nthawi zonse pamene kukhalitsa kwa buku kwakomera olemba. Mgwirizano wa Watchmen unkanena kuti umwini udzabwerera kwa Moore ndi Gibbons bukulo likadzasiya kusindikizidwa, ndipo panthawiyo zinkaoneka kuti zimenezi sizidzachedwa, chifukwa makomiki sankakhalitsa pamsika. Bukulo silinasiye kusindikizidwa kuyambira 1987, umwini unatsala m'manja mwa DC, ndipo Moore anasiyana nayo kampaniyo mowawidwa mtima. Amene amasamala za kumene ndalama yake ikupita ayang'ane patsamba la umwini lija: ngati pali dzina la wolemba ndi wojambula, monga mmene zimakhalira m'mabuku ambiri a Image, phindu lalikulu limapita kwa iwo.

Musagule mabukuwa poganiza kuti mudzawagulitsa mokwera. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 anthu ankagula timagazini mulumulu n'kutisunga ngati chuma, moti X-Men nambala 1 ya 1991 inagulitsidwa makope oposa 8 miliyoni. Msika umenewo unagwa, masitolo ambiri anatsekedwa, ndipo Marvel inalengeza mu Disembala 1996 kuti yalephera kubweza ngongole zake. Buku losonkhanitsa linathandiza kuti malondawa aimenso pa owerenga enieni, ndipo nthawi zambiri nkhani yakale ikasindikizidwanso, mtengo wa makope akale umatsika. Chimene muyenera kuopa ndi china: mavoliyumu apakati amatha m'masitolo osasindikizidwanso msanga. Musanayambe mutu wa mabuku ambiri, fufuzani ngati onse akupezeka komanso ngati nkhaniyo inafika kumapeto, kuti musadzagwiritsidwe fuwa la moto mutagula kale mabuku asanu.

Pogulira ana, ndi posunga

Mabuku amenewa anatsegula khomo limene timagazini tinali titatseka, la ana. Bone ya Jeff Smith, imene inatuluka m'timagazini 55 takuda ndi toyera kuyambira 1991 mpaka 2004, inasindikizidwanso ya mitundu ndi kampani ya Scholastic kuyambira 2005, ndipo pambuyo pake panabwera Smile ya Raina Telgemeier mu 2010 ndi Dog Man ya Dav Pilkey mu 2016, imene imagulitsidwa kuposa mabuku a ngwazi zovala zophimba nkhope. Makomiki a ku Japan, otchedwa manga, amene kwawo amayamba kutuluka m'magazini onenepa a pasabata kapena a pamwezi kenako n'kusonkhanitsidwa, anadzaza mashelefu a ku America kuyambira 2002 pamene kampani ya Tokyopop inayamba kuwasindikiza osasintha mbali yoyambira kuwerenga. Amenewa amawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo manambala a mavoliyumu ake ndi odalirika, chifukwa nthawi zambiri mlembi ndi mmodzi kuyambira pachiyambi mpaka kumapeto. Makolo asanyengeke ndi zithunzi n'kuganiza kuti buku lililonse lotere ndi la ana. Watchmen, Saga ndi The Walking Dead ndi za akuluakulu, zili ndi zachiwawa ndi zina zosayenera mwana, ndipo mabuku ambiri amasonyeza msinkhu woyenera kumbuyo, pafupi ndi mtengo.

Mabuku a mapepala osalala amadana ndi chinyezi, ndipo m'nyengo ya mvula masamba ake amapindika kapena kumatirirana. Asungeni pashelefu yotalikirana ndi pansi komanso yosagunda khoma lakunja, kumene chiswe ndi chinyontho zimadzera, ndipo musawatsekere m'majumbo apulasitiki kwa miyezi, chifukwa amachita nkhungu. Dzuwa limafufutitsa mitundu ya pamsana, makamaka yofiira ndi yachikasu. Mabuku apakatikati aimikeni mothithikana pang'ono kuti asapendekeke, koma onenepa kwambiri agonekeni, chifukwa akaimikidwa kwa nthawi yaitali kulemera kwa masamba kumakoka msana mpaka kuung'amba. Buku lonenepa likafika latsopano, musalitsegule pakati mwamphamvu. Liimikeni patebulo msana uli pansi, tsitsani chikuto chakutsogolo ndi chakumbuyo, kenako muzitsitsa masamba ochepa kutsogolo ndi ochepa kumbuyo mosinthanasinthana, mukusisita pang'onopang'ono ndi chala m'mphepete mwa msana, mpaka mutafika pakati. Mukatero guluu amafewa mofanana m'buku lonse ndipo sasweka pamalo amodzi.